Tsiku Limene Padooko Panalibe Nyimbo

Pa miyambo yonse imene mwana amaphunzira asanadziwe ndi kuwerenga komwe, palibe waung'ono kuposa odi. Ndi kaliwu ka malembo atatu, kosalemetsa lilime, komabe munthu wolowa pakhomo pa mnzake osakatchula amayesedwa mbala, ngakhale atasenza mphatso pamutu. Kumtunda odi amachitira pakhomo pa nyumba kapena polowa m'munda mwa eni ake. Kunyanja aliponso odi wa padooko, pamene amakocheza mabwato. Msodzi wa ku Likoma, ku Usisya kapena ku Nkhata Bay akafika ku Nkhotakota potsata usipa, saponya chilimira tsiku lomwelo ayi. Amayamba wakaonekera kwa amfumu, nanena kwawo ndi chimene wadzera, ndipo akapha nsomba zoyamba amapatulako ndiwo za eni dooko. Sikuti amfumuwo ndiwo eni madzi. Madzi alibe mwini. Koma ali ndi anthu owasunga, ndipo osungawo amafuna kufunsidwa.

Mudzi umene nkhani ino ikunena uli kumwera kwa Boma la Nkhotakota, mtunda woyenda pansi kuchokera pamene madzi a Chia amatsikira m'nyanja yaikulu. Ndi mudzi wa kondowole ndi mpunga, wa mzikiti kumpoto ndi tchalitchi kumwera, kumene mwana amadziwa kusiyanitsa mwera ndi mpoto asanagule nsapato yake yoyamba. M'chaka cha 2014 munali nkhalamba ina imene anthu ankangoitchula kuti mkulu wa dooko. Inali itapitirira zaka 70. Ili mnyamata inayenda pansi kukafika ku Kota Kota, monga Boma linkatchulidwira nthawi imeneyo, kukaona Dr. Kamuzu Banda pa msonkhano waukulu wa chipani cha Kongeresi mu 1960, ndipo kuchokera pamenepo inaona andale amitundumitundu akubwera ndi fumbi nabwerera ndi fumbi. Manja ake anali ndi zipsera za chingwe cha khoka. Maso anali atayamba kuchita khungu, koma inkatha kununkhiza mphepo madzulo n'kuuza anyamata kuti usiku uno musapite kutali.

Mdzukulu wowerenga izi adziwe kuti anthu a ku Nkhotakota anaphunzira kalekale kuyang'anitsitsa mlendo wodzera pamadzi. Cha m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, namanga malo ake ku Linga. Iye ndi omutsatira anasiya mpunga wa faya umene anthu akudya mpaka lero, anasiya Chisilamu ndi luso lokhoma ngalawa za matanga. Koma ngalawa zomwezo ndizo zinkaolotsa akapolo zikwizikwi kupita kutsidya, pa njira ya ku Kilwa, kumene sanabwererenso. David Livingstone anafika mu 1861, naona zimenezo ndi maso ake. Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti nzeru yothetsa vuto la pamudzi nthawi zina imadza ndi munthu wakunja. Mwambiwo ndi woona. Koma ku Nkhotakota amadziwanso kuti kalumo komweko kamameta ndipo kamatema.

Mlendo wa nkhani ino sanafike padooko n'komwe. Anamvekera pa wailesi.

Mu 2011, Bingu wa Mutharika ali pampando, boma linapereka chiphaso kwa kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta pansi pa nyanja. Dziko linali litalembedwa pamapu m'zigawo 6, kuyambira kumpoto mpaka kuchigwa cha Shire, ndipo kampaniyo inalandira chigawo chachiwiri ndi chachitatu. M'zaka zotsatira, Amayi Joyce Banda atalowa, zigawo zinanso zinaperekedwa: SacOil ya ku South Africa inatenga choyamba, RAKGAS ya ku Ras al-Khaimah inatenga chachinayi ndi chachisanu, Pacific Oil chachisanu ndi chimodzi. Mwa lamulo panalibe chachilendo. Lamulo la za mafuta la 1983 limaika chuma chonse chotere m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo silinalembedwe ndi munthu woganiza za msodzi wa padooko.

Amene anayamba kukuwa sanali asodzi. Linali dziko la Tanzania, limene mu 2012 linati kufufuzako kuime chifukwa theka la nyanja chakumpoto ndi lawo. Malawi anatulutsa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, lonena kuti malire ali pagombe la kutsidya. Nkhani inakula mpaka kuitanira akuluakulu opuma, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae, kuti akhale ankhoswe. Madzulo aliwonse amuna ankazungulira wailesi pansi pa mtengo wa mango wa padooko, namva mayiko awiri akukanganirana madzi amene iwo anali atangosambamo. Mkulu wa dooko ankamvetsera atatsinzina. Tsiku lina wailesi itatsekedwa anangoti, "Onsewa akuti nyanja ndi yawo. Alipo mwa iwo amene anakwirira mwana wake womira m'menemu?" Palibe anayankha, chifukwa onse ankadziwa kuti iye anakwirira.

Mantha a anthu sanali opanda maziko, ngakhale ambiri sakanatha kuwalongosola m'chinenero cha akatswiri. Nyanja ya Malawi ili ngati mtsuko waukulu wa kakamwa kakang'ono. Mitsinje yolowamo ndi yambiri. Ku Nkhotakota kokha kuli Bua, Dwangwa, Kaombe ndi ina. Koma wotulukamo ndi umodzi basi, Shire, ndipo madzi ochuluka amachoka ngati nthunzi, kusiya m'mbuyo chilichonse chimene chinasungunukamo. Pakuya pake penipeni pamafika pafupifupi mamita 700, ndipo madzi apansiwo sasakanikirana kwenikweni ndi apamwamba. Chotayikira m'nyanja yotere sichikokoloka chaka chamawa monga zimakhalira mumtsinje, chimatsala mibadwo. M'madzi omwewo muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, n'chifukwa chake bungwe la UNESCO linaika paki ya ku Cape Maclear m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Aphunzitsi a m'deralo ankasimba za mafuta amene anatayikira ku Gulf of Mexico mu 2010, ndi za anthu a Ogoni ku Nigeria amene mitsinje yawo inada bii nsomba n'kutha. Agogo aakazi, mkazi wake wa mkulu wa dooko, sankadziwa kumene Mexico ili, koma anamva zonsezo nanena mwambi wake: madzi akatayika saoleka.

Pakhomo pa nkhalambazi pankakhala mdzukulu wawo, mwana wa malemu amene anamira uja. Anali atalemba mayeso a Fomu 4 nakhoza, koma ntchito inalibe pomupezera. Anayesa ku munda wa nzimbe ku Dwangwa, anamulemba miyezi ya kudula yokha. Anabwerera kudzakoka chilimira cha eni ake, ntchito imene analumbira ali pasukulu kuti sadzaigwira. Kwa iye mafuta anali khomo. Ndipo tsiku lina, akudya kondowole ndi utaka, anawafunsa agogo ake funso limene nkhalambayo sinaliiwale.

"Agogo, inu mukuti azungu adzapha nsomba. Nanga chambo anachipha ndani? Muli mnyamata munkachita kusankha chachikulu, chaching'ono n'kubweza m'madzi. Lero ana a m'mudzi muno amachiona pa chithunzi cha m'buku. Anabwera mzungu kudzakoka ndi neti ya udzudzu m'bango momwe chimaswanirana? Si ife tomwe?"

Agogo aakazi anamudzudzula kuti salankhula choncho ndi akulu pa chakudya. Koma mkulu wa dooko anakweza dzanja kuti amuleke. Mnyamatayo ananena zoona, ndipo pano palibe chifukwa chobisira. Chambo chinachepa kwambiri kuyambira cha m'ma 1990 popanda dontho la mafuta. Maneti a udzudzu operekedwa kuchipatala kuti ateteze amayi oyembekezera anasokedwa kukhala makoka osasiya ngakhale kamwana ka nsomba. Mitengo ya m'mapiri inatha, matope n'kutsika ndi Bua kudzakwirira miyala imene mpasa umaikirapo mazira. Lamulo la za usodzi la 1997 linapatsa makomiti a padooko mphamvu yolanda zida zoletsedwa, ndipo nkhalambayi inakhalapo wapampando wa komiti yotere. Inkadziwa bwino kuti kulanda neti ya mwana wa mlongo wako n'kovuta kuposa kulemba lamulo. Munthu amene amaganiza kuti anthu a kunyanja ndi angelo osunga chilengedwe sanagonepo padooko.

Yankho lake linabwera patapita masiku awiri, monga amachitira akulu, akusoka ukonde. Anamuuza mdzukuluyo za chilumba cha Mbenji, chakumwera m'boma la Salima, kumene mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula ndi kutsegula mwa mwambo mvula ikatha, ndipo pachilumbapo sipafika mowa kapena juga. Kumeneko utaka ukadalipo wonenepa, ndipo amene amasunga lamulolo si apolisi koma asodzi eni ake, chifukwa analipangana okha. "Ife tinalakwa, n'zoona," anatero. "Koma cholakwa chathu tingathe kuchikonza pansi pa mtengo uwu, popeza wolakwayo timamudziwa dzina ndi kwa amayi ake. Nanga uyo wa pa wailesi tikamuitanira pa bwalo liti?"

Mnyamatayo sanakhutire. Ananena kuti bwalo silidyetsa munthu.

Kenaka inafika nyengo ya kampeni. Chisankho cha pa 20 Meyi 2014 chinali choyamba cha patatu, chosankha mtsogoleri wa dziko, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi, choncho magalimoto a zokuzira mawu anachuluka pa msewu wa m'mbali mwa nyanja kuposa kale lonse. Inali nthawi yomweta mpunga, mwera utangoyamba kuomba. Ofuna uphungu, amene anthu amawatcha ashado, ankafika ndi zitenje, malaya a chipani ndi timaenvulopu ta amfumu. Lamulo loletsa mphatso zotere linadzabwera mu 2018; nthawi imeneyo zinkachitika dzuwa likuswa mtengo. Mdzukulu uja analandira malaya ake, nalembedwa m'gulu la anyamata oimika mbendera ndi kuyambitsa m'manja.

Usiku wa pambuyo pa uthenga wakuti shado wina adzachititsa msonkhano padooko, amayi anakumana kuseri kwa matandala oyanikapo usipa. Dandaulo lawo linali lapafupi kuposa la amuna. Mjigo wa m'mudzi unali utafa nyengo ziwiri za mvula. Ankatunga m'nyanja, pamalo pomwe ena amachapa ndi kutsuka nsomba, ndipo ana ankakodza magazi ndi likodzo, ena kutsegula m'mimba mvula ikangoyamba. Ankati: madzi akumwa atikanika kutipatsa, tsopano akufuna atilande ndi omwe tinapatsidwa ndi Mulungu. Ena anafuna kutseka msewu ndi mabwato. Ena anati akagwetse mbendera. Agogo aakazi, amene anavinirapo Kamuzu ali mtsikana atavala nsalu ya nkhope yake, anati zonsezo n'zopatsa apolisi ntchito. Anapereka nzeru ina, ndipo amfumu atauzidwa m'mawa anangoti iwo sanamve kanthu.

Kuti nzeruyo imveke, pafunika kukumbutsa za m'manja. Pa bwalo la milandu la Achewa, mawu akagwa bwino anthu amawomba m'manja mofatsa, manja atapindika, ndipo amayi amaimba nthungululu. Kuwombako ndiko kusainira kwa anthu osalemba. Mfumu ikagamula anthu n'kukhala chete, imadziwa kuti chigamulocho chafera pomwepo, ngakhale palibe waitsutsa. Andale anatengera mwambowu ku misonkhano yawo kuyambira nthawi ya mbumba za Kamuzu, mpaka anazolowera kuganiza kuti nyimbo za amayi zimabwera zokha ngati mame. Anaiwala kuti chimene munthu amapereka angathenso kuchimana.

Msonkhano unali wa 2 koloko masana. Mlendo anafika dzuwa litapendeka. Anapeza anthu ochuluka kuposa amene ankayembekeza, ndipo nkhope yake inawala. Amayi anali atakhala pamchenga mizere iwiri, atavala zitenje zawo zakale za kumunda, aliyense ndi mtsuko kapena ndowa patsogolo pake. Amuna anakhala kumbuyo, nkhafi zili pamiyendo. Mnyamata wa pa galimoto anakuwa mawu a chipani. Anayankha ndi anyamata a malaya okha. Anakuwanso. Panamveka mafunde ndi mbuzi ya wina kuseri kwa mzikiti.

Amfumu analandira mlendo mwaulemu wonse, namupatsa mpando. Pamenepo agogo aakazi anadzuka pang'onopang'ono, anatunga m'mtsuko mwawo ndi chikho, nayenda mpaka pamaso pa mlendoyo. Anagwada, monga mwa mwambo, napereka chikhocho ndi manja awiri.

"Mwayenda ulendo wautali, bambo. Yambani mwamwa. Ndi omwe timamwa ife."

Aliyense ankadziwa kuti m'galimoto munali mabotolo a madzi ogula. Aliyense ankaonanso kuti m'chikhomo madzi sanali oyera, chifukwa mwera unali utavundula gombe. Kukana madzi a mayi wachikulire wogwada ndi chipongwe chimene mudzi suiwala. Kumwa kunali kuvomera pamaso pa onse kuti awa ndiwo madzi a anthu amene ukuwapempha voti. Mlendoyo anayang'ana chikho, anayang'ana anyamata ake, ndipo anamwa. Anamwa onse. Pa ichi ayenera kulemekezedwa, chifukwa ambiri a msinkhu wake akanangonyowetsa milomo. Koma m'manja simunaombedwe.

Analankhula monga amalankhulira onse. Ananena za msewu, za feteleza wotsika mtengo, za mjigo umene adzaukonza sabata yoyamba. Ataona kuti mawu akugwera pamchenga, anatulutsa chimene ankayesa chida chake chachikulu. Anati pansi pa madzi awa pagona chuma chimene chidzasandutsa Nkhotakota kukhala mzinda, ndipo anyamata onsewa adzavala zipewa za ntchito, osatinso kugona pamadzi usiku chifukwa cha bonya.

Apo munthu mmodzi anawomba m'manja. Anali mdzukulu uja. Anawomba kawiri, mwamphamvu, kuchokera pansi pa mtima, ndipo kachitatu manja ake anaima m'malere atazindikira kuti ali yekha. Ngakhale anzake a malaya anali atayang'ana pansi, popeza amayi awo anali pa mzere wakutsogolo. Agogo ake aakazi sanatembenuke. Amene analipo amati kuwomba kawiri kumeneko kunapweteka kuposa chete yense uja, chifukwa kunaonetsa kuti nkhaniyi yang'amba mabanja pakati.

Mkulu wa dooko anapempha mawu kudzera kwa amfumu. Anaimirira atatsamira nkhafi.

"Zikomo amfumu, zikomo bwana. Ife ndife anthu osaphunzira, mutikhululukire tikalakwitsa. Tinamva pa wailesi kuti nyanja anaidula zigawo ngati nsalu ya pasitolo. Timati mwina inu oyenda ku Lilongwe mutiuze: pano takhalapa, tili m'chigawo chachingati? Ndipo mwini chigawocho dzina lake ndani, kuti akadzafika tidzamudziwe?"

Mlendoyo anayamba kunena kuti boma lili ndi akatswiri. Nkhalamba inadikira mpaka atamaliza, ndipo inafunsanso funso lomwelo, mawu omwewo, osakweza liwu. Kachiwiriko mlendoyo anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Agogo, kunena zoona, pepalalo sindinalione."

"Mwayankha bwino, mwana wanga," inatero nkhalamba. "Ndiye kuti tonse tili kunja kwa mpanda. Mukapita kumeneko mukawauze kuti ife mafuta sitikuwada. Nyali zathu zokopera usipa zimamwa mafuta, injini za mabwato zimamwa mafuta, ndipo mdzukulu wanga uyo wawomba m'manjayo akufuna ntchito. Ine ndikufunanso aipeze. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khoswe ameneyu wakhala pa mkhate wathu, umodzi wokhawo, ndipo ofuna kumuponya mwala sanabwere kudzafunsa kuti kodi mkhate ukasweka mudzamwera chiyani. Mtonga akabwera ndi bwato limodzi amanena odi. Awa akubwera ndi sitima."

Anakhala pansi. Ndipo pamenepo, kwa nthawi yoyamba tsikulo, m'manja munaombedwa, kuwomba kwa pabwalo kuja, kofatsa, kwa manja opindika. Amayi anadzuka, anasenza mitsuko yawo nabalalika osaimba. Zitenje zimene zinabwera m'galimoto zinabwerera momwemo, kupatula zochepa zimene ena anakazitenga mobisa kutada, pakuti umphawi suchita manyazi nthawi yaitali.

Chimene anthu a padooko sankadziwa, ndipo mlendo wawo sankadziwanso, n'chakuti m'masiku omwewo mapepala ena anali kulembedwa. Pa 12 Meyi 2014, kutatsala masiku 8 kuti anthu aponye voti, boma linasainira mapangano ogawana phindu la mafuta ndi makampani a RAKGAS ndi Pacific Oil. Nyumba ya malamulo inali itatsekedwa kale chifukwa cha chisankho. Nkhaniyi sinalengezedwe pa msonkhano wa kampeni uliwonse wa m'mbali mwa nyanja. Peter Mutharika atapambana, boma lake linaimitsa ziphaso zonse cha kumapeto kwa 2014 kuti ziunikidwe, ndipo mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, a Kalekeni Kaphale, anapeza kuti zina sizinayende mwa dongosolo. Komabe mu 2016 chiletsocho chinachotsedwa. Mu 2017 bungwe la Oxfam linatulutsa lipoti lofotokoza mmene mapanganowo anasainidwira, ndipo chaka chomwecho, pa mwambo wa tsiku lokumbukira madzi ku Mangochi, mtsogoleriyo anati ntchito ya mafuta ipitirira, koma pogwiritsa ntchito njira zokumba kuchokera kumtunda kuti nyanja isaipitsidwe. Zaka zadutsa, maboma asinthana, ndipo mpaka lero palibe mgolo wa mafuta umene watuluka m'nyanja ya Malawi.

Kungakhale kunama kunena kuti chete wa amayi a mudzi umodzi ndiye anaimitsa sitima. Mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse unagwa kwambiri kuyambira kumapeto kwa 2014, mkangano wa malire sunathe, ndipo kukumba pansi pa madzi akuya chotere kumadya ndalama zimene makampani aang'ono alibe. Zimenezo n'zimene zinalemera pa sikelo. Mudziwo sunapambane kanthu kooneka. Ngakhale mavoti ake anagawikana monga mwa masiku onse, wina kutsata chipembedzo, wina chibale, wina chitenje chotengedwa usiku chija. Chimene chinasintha n'chaching'ono: ashado amene anabwera pambuyo pake, mu 2019 ndi mu 2025, ankatumiza munthu tsiku loyamba kudzafunsa amfumu kuti anthu akufuna kumva za chiyani, ndipo ena ankafika atamwa kale madzi ambiri kunyumba.

Mjigo sunakonzedwe ndi wandale. Miyezi ingapo chisankho chitapita, komiti ya padooko inagamula kuti bwato lililonse lizipereka chigoba chimodzi cha usipa pa ulendo, ndipo ndalama yake inagula zitsulo ndi kulipira mmisiri wochokera ku Boma. Amene ankalemba m'kaundula wa zigobazo, chifukwa ndiye anali ndi dzanja labwino, anali mdzukulu uja. Iye ndi agogo ake sanakambiranenso za tsiku la msonkhano. Anakhala masabata awiri akudyera mbale imodzi osayang'anana, mpaka usiku wina wa mwera nkhalamba inamudzutsa kuti akathandize kukokera mabwato kumtunda, ndipo pobwerera inamugwira paphewa kuti isapunthwe mumdima. Pamene kolera inasesa maboma a m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, mjigowo unali ukugwira ntchito. Nkhalambayo sinaone zimenezo. Inali itagona kale kumanda a pafupi ndi mwana wake.

Mdzukuluyo sanasinthe maganizo ake onse. Mpaka lero amati dziko losauka silingakhalire chuma mpaka kalekale, ndipo tsiku lina funso la mafuta lidzabweranso, mwina ana ake ali akuluakulu. Amangowonjezera kuti likadzabwera, adzafuna aone pepalalo ndi maso ake, m'Chichewa, pansi pa mtengo.

Mtengowo tsopano uli m'madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, ndipo inameza matandala, nyumba za m'mphepete ndi mchenga wonse umene amayi anakhalapo ndi mitsuko yawo. Chaka chomwecho madzi osefukira anasamutsa anthu zikwi zambiri ku Dwangwa. Dooko linasunthira kumtunda, pafupi ndi munda wa chinangwa wa amfumu. Kumeneko, m'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti, kunakocheza mabwato atatu a Atonga otsata usipa. Mkulu wawo anatsika, anafunsa ana amene ankasewera pagombe kuti wa komiti ndani, ndipo anamulozera bambo wina wa zaka za m'ma 30 amene ankasoka ukonde pamthunzi. Mlendoyo anaima patali pang'ono, anavula chipewa, nanena odi. Bamboyo anaika singano pansi, anatuma mwana wake wamkazi kukatunga madzi ku mjigo, ndipo mlendo atamwa, ananyamuka naye kupita kwa amfumu.